Nyumba ya Kumapeto kwa Waya

1. Nyali yofiira

Nyumba ya a Kowald inali yomaliza pa msewu wafumbi wochokera ku tauni yaing'ono ya Moorinda. Ukapitirira pamenepo kunalibenso munthu, koma tchire louma lokhalokha. Mapolo a magetsi nawonso ankathera pomwepo. Pholo lomaliza linali kuseri kwa galaja yawo, litapendekeka pang'ono.

Marnie Kowald, mtsikana wa zaka 17, anali atakhala yekha m'nyumbamo masiku khumi ndi awiri. Mayi ake anali oyembekezera, ndipo madokotala anawagoneka m'chipatala mumzinda wa Adelaide chifukwa magazi awo ankathamanga kwambiri. Bambo ake ankagwira ntchito ku mgodi wa kumpoto, kumene munthu amatha masabata awiri osaponda pakhomo. Sukulu inali itatsekera. Anzake anali atapita kunyanja ndi makolo awo kukadyera Khirisimasi.

M'mawa uliwonse Marnie ankathirira malalanje, kudyetsa nkhuku, ndi kusesa khonde lomwe panalibe wolidetsa. Chakudya ankadya chiimire pafupi ndi sinki. Kukhala yekha pa tebulo la mipando inayi kunkamuvuta.

Lamulungu madzulo mayi ake anaimba foni. Anamuuza kuti madokotala agwirizana zowachita opaleshoni Lachisanu m'mawa kuti mwana abadwe, ndipo bambo ake sakanatha kufika chifukwa ndege ya ku mgodi imanyamuka Loweruka lokha.

"Ubwere Lachinayi, mwanangu," anatero mayiwo ndi mawu otopa. "Ndikufuna ndione nkhope ya kwathu ndisanalowe m'chipinda chimenecho."

"Ndibwera, Amayi. Galimoto ilipo."

Galimoto inalipodi, yoyera, yoyendera magetsi, ndipo laisensi yake Marnie anali ataitenga mwezi wa Okutobala. Vuto linali pa khoma la galaja. Tchaja ya galimotoyo, kabokosi kotuwa kokhala ndi chingwe chakuda, inali itayamba mwano chiyambire chilimwe. Akailumikiza inkayatsa nyali yobiriwira kwa mphindi zisanu kapena khumi, kenako inkalira kuti *thi*, nyali n'kusanduka yofiira.

Batire linali pa 5 peresenti. Tchaja yothamanga yapafupi inali pa malo omwetsera mafuta ku Callaby, mtunda wa makilomita 90.

2. Mawu a Bambo Lekkas

Lolemba masana pakhomo panafika galimoto. Bambo a Marnie anali ataimbira foni Bambo Lekkas, mkulu wina wa ku Moorinda yemwe anagwira ntchito yokwera mapolo a magetsi asanapume, kuti akaone chomwe chalakwika. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Eleni, amene ankayendetsa ndipo anatsala m'galimoto chifukwa cha kutentha.

Mkuluyo anali wamfupi, wa mikono yaikulu, chipewa chake chothimbirira ndi thukuta. Anaima patsogolo pa tchajayo, anailumikiza, n'kudikira mpaka inalira. Pa kagalasi kake panalembedwa 257.

"Tchaja iyi sinawonongeke," anatero. "Ikugwira ntchito yake. Magetsi a m'nyumba amayenera kukhala pafupi ndi 230. Akapitirira 253, iyo imadzizimitsa. Taona, denga lililonse pa msewu uno lili ndi sola. Dzuwa likaswa mtengo chonchi, nyumba zonse zimakankhira magetsi m'waya mmodzi yemweyu, ndipo mphamvu imakwera. Usiku alimi amayatsa mapampu othirira mphesa, n'kukoka zonse, inu kuno mumalandira zotsalira. Masana achuluka, usiku achepa. Umu ndi mmene amakhalira okhala kumapeto kwa waya."

Marnie anafunsa ngati panali chochita. Iwo anati aimbira a kampani ya magetsi kuti adzasinthe pa thiransifoma, koma nyengo ngati imeneyi anthuwo samabwera Khirisimasi isanadutse. Kenako anavula chipewa, n'kumuyang'ana m'maso.

"Tsono undimvere, mwanawe. Padzapezeka wina wokuuza kuti pali njira yachidule. Anthu otere sasowa. Adzakuuza kuti malire aja ndi mantha chabe a anthu a ku fakitale. Usamumvere. Ine ndakwera mapolo zaka 38, ndipo sindinaonepo magetsi akukhululukira munthu chifukwa anali ndi chifukwa chabwino. Magetsi sadziwa kuti uli pa changu. Sadziwa kuti ndiwe mwana wabwino. Panali mnzanga wina, Des, munthu wodziwa ntchito kuposa ine. Fyuzi ya pampu yake inkapsa kawirikawiri, iye anatopa, n'kuikapo waya wokhuthala kuti isapsenso. Sinapsenso ndithu. Chomwe chinapsa ndi shedi yake, thalakitala yake, ndi minda ya anthu atatu oyandikana naye. Mpaka kumwalira kwake sanakhalenso pa benchi ya kutsogolo ku tchalitchi. Chinthu chikadzizimitsa chimakhala chikukuuza kanthu. Usachitseke pakamwa."

Anavalanso chipewa, n'kuloza bokosi lachitsulo lomwe linali pa khoma la nyumba.

"Tsiku lina ukadzamva fungo la pulasitiki wopsa, usakhudze tchaja. Uthamangire uko, ukagwetse swichi yaikulu. Ndipo ukasowa chochita, nambala yanga uli nayo. Uli ndi ulendo uliwonse sabata ino?"

"Ayi, Bambo Lekkas. Zonse zili bwino."

Marnie ananama. Tsiku lochoka, bambo ake anamugwira paphewa n'kunena kuti tsopano iye ndiye wamkulu pakhomo. Sankafuna kuti ku Moorinda kumveke zoti a Kowald anasiya mwana yekha kutchire ndipo walephera.

Galimoto ya Eleni inatembenuka n'kupita. Fumbi lake linatenga nthawi kuti likhazikike, ndipo Marnie anaima pa geti mpaka linatha.

3. Msuweni wa m'tauni

Masiku awiri otsatira Marnie anathera mu galaja. Ankadzuka mbandakucha, kulumikiza, kudikira kulira kuja, kuchotsa, kulumikizanso. Madzulo dzuwa likapendeka ankayambiranso. Pofika Lachitatu m'mawa batire linali pa 11 peresenti basi. Kuti akafike ku Callaby pankafunika pafupifupi 30.

Anaimbira mnzake wa pamtima, Shonelle, koma foni inangoitana. Patapita nthawi Shonelle anatumiza chithunzi cha mapazi ake ali mumchenga, popanda mawu ena.

Ndiye anaimbira Jarrod, msuweni wake wa ku Adelaide. Jarrod anali ndi zaka 19, ndipo anagwirapo miyezi itatu ndi anthu oika sola asanasiye ntchito chifukwa chodana ndi kudzuka m'mawa.

"Msuweni wanga wa kutchire," anatero Jarrod akuseka. "Nkhuku zikuti bwanji? Zayamba kukuyankha?"

"Usayambe, Jarrod. Ndili pa mavuto."

Anamufotokozera zonse, za mayi ake, za Lachinayi, za nyali yofiira, ndi zomwe ananena Bambo Lekkas.

"Agogo aja akadali moyo? Aise, amenewo anaphunzira magetsi nthawi ya makandulo. Imeneyo ndi nkhani ya mphindi imodzi. Tchaja iliyonse ili ndi khomo la amisiri. Ukadina batani n'kuligwira, imakufunsa manambala achinsinsi. Ukalowa, 253 uja umukweze afike 270. Basi, yatha."

Marnie anafunsa ngati sizingaotche kanthu. Jarrod anati abwana ake akale ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku ndipo palibe yemwe anafa. Anati ndi za tsiku limodzi lokha, mawa adzabwezeretsa, palibe adzadziwe.

"Kapena ukufuna azakhali alowe okha ku opaleshoni? Sankha wekha, ine ndakuthandiza."

Foni itadulidwa, uthenga unalowa. Unali ndi manambala asanu ndi limodzi.

4. Nyali yobiriwira

Tsiku limenelo wailesi inalengeza kuti kutentha kufika madigiri 43, ndipo kuyatsa moto uliwonse panja kunali koletsedwa m'chigawo chonse. Mphepo yotentha inkawomba kuchokera kumpoto. Udzu wa kuseri kwa galaja unali wouma ngati pepala.

Marnie anakonza sangweji, sanaidye. Anatsuka mbale yake imodzi. Anapita kukaona nkhuku, anazipeza zitayasamula kukamwa pansi pa mtengo. Nthawi itakwana 12 koloko analowa mu galaja, foni ili m'manja.

Anadina batani n'kuligwira. Analemba manambala aja. Kagalasi kanasintha, n'kuonetsa 253. Anadina mpaka panafika 270, kenako analumikiza chingwe ku galimoto.

Nyali inayaka yobiriwira. Mphindi zisanu zinadutsa, khumi zinadutsa, sinalire. Batire linafika 12, kenako 13. Kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri Marnie anaseka mokweza, mawu ake n'kumveka achilendo m'galajamo. Anathamangira m'nyumba kukalongedza chikwama. Anaikamo zovala zake, mafuta odzola a mayi ake, ndi tizovala tiwiri tachikasu ta mwana tomwe mayiwo anasiya mu kabati.

Atabwerera anapeza batire lili pa 14. Koma nambala ya pa tchaja inali itakwera. Inali pa 262, kenako 265. Kabokosiko kankalira chapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Marnie anaima n'kumayang'ana. Anaganiza zodikira kuti lifike 20 kaye.

Sizinafike. Munamveka kuphulika kwakung'ono, ngati munthu waponda botolo la pulasitiki. Nyali inazima. Pansi pa kabokosiko panayamba kutuluka utsi wopyapyala, ndipo fungo la pulasitiki wopsa linadzaza galaja yonse.

Dzanja lake linayamba kupita ku chingwe, koma analibweza. Anatuluka chothamanga, anatsegula bokosi lachitsulo lija, n'kugwetsa swichi yaikulu.

Zonse zinakhala chete. Firiji inasiya kulira, choziziritsa m'nyumba chinaima. Anathamangira ku mpopi wa m'munda n'kutsegula, koma munangotuluka madontho ochepa, chifukwa pampu ya madzi nayo inkayendera magetsi omwewo. Anatenga chozimitsira moto cha m'khitchini, n'kukaima pakhomo la galaja atachikumbatira.

Anaima pamenepo theka la ola. Utsi unachepa, kenako unatha. Pa khoma panatsala chipsera chakuda chonga chikhatho cha munthu. Mphepo inkapitirizabe kugwedeza udzu wouma uja, masitepe atatu okha kuchokera pa khomalo. Pa msewu sipanadutse galimoto ngakhale imodzi.

5. Foni ziwiri

Marnie anakhala pansi pakhonde, n'kuimbira Jarrod.

Ulendo uno Jarrod sanaseke. Anayankhula mofulumira. Anati asauze munthu. Anati anene kuti tchaja yangopsa yokha, popeza aliyense akudziwa kuti magetsi a kumeneko ndi openga, ndipo amene anaigulitsa adzabweretsa ina.

"Ndipo dzina langa lisatuluke, wamva? Ine ndinangokuuza zomwe ndinaona. Wadina ndiwe."

"Ndamva," anatero Marnie. "Ndadina ndine."

Anadula foni. Anayang'ana chikwama chomwe chinali pafupi ndi chitseko, kamwendo ka chovala chachikasu katatulukira pa zipi. Tsopano analibe ngakhale mphindi zisanu zotchaja mbandakucha zija. Anafufuza nambala ya Bambo Lekkas, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kudina.

Anayankha itangoitana kawiri. Marnie sanazungulire. Anawauza kuti Lolemba anawanamiza, kuti mayi ake akumudikira mawa, kuti analowa m'khomo la amisiri n'kukweza malire, ndiponso kuti tchaja yapsa.

Mkuluyo sanakalipe. Anafunsa ngati wavulala, ngati utsi watha, ndi ngati khoma likutenthabe. Anamuuza kuti agwetse swichi yaing'ono yolembedwa dzina la tchaja n'kuimata ndi tepi, kenako adzutse yaikulu kuti firiji ndi pampu zigwire. Anamuuza achotse chingwe ku galimoto, aiyatse, awawerengere zomwe ikunena. Galimoto inati ikhoza kuyenda makilomita 45.

"Kwathu ndi 28," anatero. "Nyumba yanga ili pafupi ndi siteshoni ya magetsi, kuno mphamvu sivinavina. Uzithirire nkhuku madzi ambiri, utseke nyumba, ubwere. Usayatse choziziritsa, utsegule mawindo. Usapitirire liwiro la 60. Ndikhala pa geti."

6. Ku Moorinda

Unali ulendo wautali kuposa onse omwe Marnie anayendapo pa msewu umenewo. Mphepo yolowa pa windo inali ngati yochokera mu uvuni. Anadutsa minda ya mphesa, nyumba zotseka makatani, madenga onyezimira ndi sola. Sanaone munthu panja. Maso ake ankapita pa msewu, kubwerera pa nambala ya batire, kupitanso pa msewu.

Anafika batire lili pa 5 peresenti. Bambo Lekkas analidi pa geti, atakhala pa mpando wapulasitiki pansi pa mtengo wa maolivi. Anatulutsa chingwe chaching'ono chomwe Eleni ankasiya kumeneko, n'kuchilumikiza pa soketi wamba ya pakhonde. Anati chimenechi chimayenda ngati kamba, koma pofika m'mawa chidzakhala chitakwanitsa za ku Callaby.

M'khitchini munali moyera bwino, koma pa tebulo panali kapu imodzi ndi mbale imodzi. Mkazi wawo anamwalira zaka zinayi zapitazo. Anatulutsa mbale yachiwiri mu kabati, anaitsuka fumbi, n'kuikapo buledi, tchizi, maolivi ndi chivwende chozizira. Marnie anakhala pansi n'kudya zonse.

"Sindikubwerezera za Lolemba," anatero mkuluyo atakhala moyang'anana naye. "Khoma lija lakuuza bwino kuposa ine. Koma pali china. Cholakwa chako chachikulu sichinachitike lero masana. Chinachitika pamene ndinakufunsa ngati uli ndi ulendo, iwe n'kuti zonse zili bwino. Ukanandiuza, bwenzi galimoto tinaikokera kuno Lolemba lomwelo, pano itadzaza kale. Anthu okhala kutali timadwala matenda amenewa. Timayesa kuti kukhala wamkulu ndi kusapempha kanthu. Ine mkazi wanga atamwalira ndinatha miyezi itatu ndikuuza aliyense kuti zonse zili bwino, mpaka Eleni anandipeza nditagwa m'bafa. Ngati bambo ako anakuuza kuti ndiwe wamkulu pakhomo, sankatanthauza kuti ndiwe wekha pa dziko. Tsopano uwaimbire. Uwauze wekha, ndi pakamwa pako, asadzamve kwa ine."

Marnie anatuluka pakhonde n'kuimba. Bambo ake anali pansi pa mgodi, kumene foni sizigwira, choncho anasiya uthenga. Ananena zonse monga zinachitikira, osachotsa kanthu, ndipo anamaliza ndi kupepesa. Atabwerera m'nyumba, Bambo Lekkas anali akuyala nsalu zoyera pa bedi la m'chipinda chakale cha Eleni.

Nthawi inali itangopitirira 4 koloko pamene foni ya Marnie inaitana. Nambala inali ya ku Adelaide, koma sinali ya mayi ake.

Anali namwino. Anafunsa ngati akuyankhula ndi Marnie Kowald, n'kunena kuti ayesa bambo ake kangapo koma sakupezeka. Anati magazi a mayi ake akwera kwambiri masana ano, ndipo madokotala sangadikirenso Lachisanu. Opaleshoni ichitika lero lomwe, 8 koloko usiku.

"Akungotchula dzina lanu," anatero namwinoyo. "Mungathe kufika?"

Marnie anayang'ana pa windo. Galimoto yoyera inali pakhonde ndi kachingwe kake, batire lili pa 8 peresenti. Ku Adelaide unali ulendo wa maola atatu.

Bambo Lekkas anali atamva zonse ali pakhomo la chipinda, pilo ili m'manja. Anaiika pansi. Anati Eleni ali kutali ku Mildura mpaka mawa, ndipo basi ya lero inadutsa kale. Kenako anapita kuseri kwa chitseko cha khitchini n'kuchotsa kiyi pa msomali.

Anamutsogolera ku shedi ya kuseri. Anakoka chinsalu chafumbi, ndipo pansi pake panali pikapu yakale yabuluu, ya dizilo.

"Adokotala anandiletsa kuyendetsa chaka chatha, maso anga atha," anatero. "Koma ndimailiza Lamulungu lililonse, ndipo thanki ndi yodzaza. Ndikwera nawe, njira ndikuidziwa ngakhale nditatsinzina. Unayamba wayendetsapo galimoto ya magiya?"

"Ayi, Bambo Lekkas. Ngakhale kamodzi."

Mkuluyo anayang'ana wotchi yake pafupi kwambiri ndi nkhope, kenako anamuika kiyi m'dzanja.

"Tili ndi mphindi makumi awiri zoti uphunzire. Katenge chikwama chako."